Mphini Yokhota

Ku Joni ndinapita ndili kale agogo. Anzanga a msinkhu wanga anali pakhonde kumasenda nandolo, ine n'kumakwera basi ya ku Mwanza, ndalama zanga nditasokerera m'chiuno mwa siketi. Matipate anali atangobwera kumene, aliyense akuti tsopano njira zatseguka. Njirazo zinatsegukadi, koma nkhokwe zinali zopanda kanthu.

Mwana wanga wamkazi anamwalira n'kundisiyira Esinati, kamtsikana kongoyamba kumene sukulu. Bambo wake anali atathawira ku Limbe kalekale. Koma alongo ake a bamboyo, azakhali a mwanayo, sankatopa kubwera ku Nkhulambe ndi sopo komanso mawu okoma, ati mwana apite nawo m'tauni akaphunzire. Sukulu yakeyo ine ndinkaidziwa: kubereka ana awo kumbuyo ndi kutsuka mbale. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndiye sakanangomunyamula. Ankasowa chifukwa. Ndipo mlongo wanga, mwini mbumba, ndi munthu woti akamva nkhani imodzi kwa anthu awiri, basi kwa iye yatheka. Tsiku lotsanzika anandiuza kuti bola dzina langa likhale loyera, mwana sachoka pamudzi. Tonse tinkadziwa za mayi wina wa ku Jenala amene anapita ku Joni komweko, kunamveka kuti akuvulira amuna kuti azimupatsa ndalama. Palibe amene anaona. Anamudula mu mpingo iye asanabwere n'komwe, ana ake n'kugawidwa ngati anapiye.

Esinati ndinamusiya m'manja mwa mng'ono wanga Felesiya. Sikuti ndinkamukhulupirira ayi. Kungoti ndi iye yekha amene mabodza ake ndinkawadziwa onse.

Za pa msewu wa ku Tete sindinena zambiri. Kutentha, ludzu, ndi asilikali okuyang'ana ngati uli ndi ngongole ya agogo awo. Ku Joni ndinayamba ndi maganyu ochapa, nyumba iyi lero, ina mawa, kugona anthu asanu m'chipinda chimodzi. Ndinkagona nditatsamira chikwama. Anzangawo ankandiseka, ati agogo mudzathyoka khosi. Khosi silinathyoke, ndipo sindinaberedwepo ngakhale supuni.

Kenako ndinapeza ntchito yokhazikika kwa mayi wina wa ku Korea. Amalawi onse ankangoti Mtchaina, koma mwini wake ukamutchula choncho nkhope inkauma, ndiye ine ndinaphunzira msanga. Dzina lawo linkandikanika lilime, ndinkangoti adona. Anali aang'ono kwa ine, opanda mwamuna pakhomo, manja okhakhala ngati a munthu wolima. Chingerezi chawo chinali chothyokathyoka ngati changa, ndiye tinkamvana bwino kuposa mmene ndinkamvanira ndi azungu.

Ntchito yawo inali youmba anthu. Osati tizidole ta ana ayi, anthu akuluakulu a msinkhu wa inu ndi ine, a dongo, owotcha ngati mbiya. Kuseri kwa nyumba kunali chipinda chachikulu, m'menemo muli gogo atanyonyomala akusankha nyemba, bambo atagona pabenchi nsapato atatsamira, mtsikana akumanga tsitsi. Tsiku loyamba ndinapereka moni kwa bambo wa pabenchiyo. Nditazindikira, ndinatuluka chafutambuyo.

Miyezi yoyambirira tsitsi lotsalira m'chipeso changa ndinkaliwotcha, zikhadabo n'kumakwirira kumaluwa. Chakudya chawo sindinkadya. Ankasunga kabichi wa tsabola m'mitsuko mpaka awole, ukatsegula firiji fungo lake limakupatsa moni lisanakuone. Nsapato tinkavulira pakhomo ngati tikulowa mu mzikiti. Koma malipiro sankachedwa, sankandiwerengera shuga, ndipo akamandipatsa chinthu ankapereka ndi manja awiri ngati mwana wolangidwa bwino. Ndinkati pali chimene akufuna. Ndinadikira chaka chonse osachiona.

Lamlungu Amalawi tinkakumana pabwalo lina pafupi ndi siteshoni ya sitima. Pamenepo ndi pamene pankaima lole ya a Mulipa. A Mulipa kwawo kunali kutsidya kwa mtsinje, mudzi woyandikana ndi wathu, ndipo tinakulira limodzi, ine wamkulu pang'ono. Ntchito yawo inali kunyamula katundu wa anthu kupita naye kumudzi: mabulangete, mapoto, njinga, malata. Katundu nthawi zina ankafika wopereweza, koma nkhani zinkafika zoonjezera. Za mayi wa ku Jenala uja, ambiri amati zinakwera lole yomweyo. Ndiye ine ndikamawapatsira za Esinati, nkhani yathu inkakhala ya nyengo basi. Akati mukugwira kwa ndani masiku ano alongo, ine ndinkati kukuzizira. Koma pokhala ankabwera kudzatenga katundu pageti, anadziwa ndithu.

Kuzizira kwa ku Joni si kwa kwathu kumapiri pa Fort Lister mwezi wa Juni. Kumalowa m'mafupa n'kumanga nyumba. Chaka chachiwiri msana unandigwira, moti m'mawa wina ndinalephera kuwerama kuti nditole tsache. Adona anandipeza nditagwira khoma. Anandigoneka chafufumimba pamphasa m'chipinda chawo, n'kutulutsa timakapu tagalasi. Ankalowetsa moto m'kakapu, kenako n'kukavundikira pamsana, kakapuko n'kuyamwa mnofu. Ndinaseka ngakhale ndinali mu ululu, chifukwa kumeneko ndi kulumika, kumene agogo anga ankachita ndi nyanga ya mbuzi. Ndinali ndisanaganizepo kuti anthu a kutali choncho angadziwe zimenezo.

Kuti alumike anayenera kukweza bulauzi yanga. Ndi pamene anaona mphini.

Ife a msinkhu wathu, amene makolo athu anachokera ku Mozambiki, ambiri tili nazo. Zanga zinayambira pamapewa kutsika m'mizere ngati minga ya nsomba, kukathera m'chiuno. Ankatema ndi gogo mmodzi dera lonse, dzanja lake linkadziwika. Koma pansi pa phewa lamanzere pali imodzi yokhota, yaitali kuposa zinzake, chifukwa mpeni utandilowa ndinadumpha. Atsikana anzanga anandinyoza nayo mpaka ndinakwatiwa, ati mphini ya wamantha. Masiku amenewo tinkamanga nsalu pachifuwa msana uli pamtunda, kumunda, kudambo, kuchigayo. Panalibe wa m'dera lathu amene sanaione. Nditalowa Mvano ndinayamba kuvala bulauzi, msana wanga n'kukhala wanga ndekha.

Adona anayendetsa chala pamizereyo mwakachetechete. Kenako anandiuza, theka ndi mawu theka ndi manja, kuti kwawo akazi amakasamba m'nyumba imodzi yaikulu, ndipo mwana wamkazi amakhula msana wa amayi ake. Amayi awo msana wawo unali ndi zipsera zozungulira za timakapu tomweti. Anamwalira iwo ali kutali, osawakhulanso. Ine ndinangotsitsa bulauzi yanga. Munthu akakuuza zachisoni chake, kawirikawiri amakhala akutsegula chitseko chako, osati chake.

Patapita masabata anandipempha kuti ndiwerame pabeseni ngati ndikuchapa, iwo azijambula papepala. Ndinakana, ndinakananso. Pomaliza ndinavomera, koma nditavala, ndipo nkhope ayi. Analonjeza. Mayi wadongo atayamba kuoneka ndinkamuzungulira tsiku lililonse ndikamasesa. Anali atawerama, mutu uli pakati pa mikono, nkhope yobisika, duku kumutu. Kumtunda analibe chovala, koma msana unali wosalala ngati wa aliyense. Ndinati uyu si ine, ndi mayi wochapa chabe. Ndiyeno anabwera anthu kudzamutenga pamodzi ndi anzake kupita nawo kwina kowotchera, ndipo anabwerako atakulungidwa m'mabulangete, omangidwa zingwe. Ine, amene ndinkayang'ana ndi pansi pa bedi pomwe ndisanagone, bulangete limenelo sindinalivundukule.

Adona anati anthu awo akukaonetsedwa m'nyumba ina m'tauni, anthu azikalowa kumawaona, ofuna azigula. Pankafunika lole. Iwo anali ataiona ya a Mulipa pageti, ndiye anapangana nawo okha ine ndili kumsika. Nditamva ndinadziuza kuti palibe changa m'menemo.

Nyumbayo inali ya makoma oyera mbee, yopanda mipando, magetsi olozera pansi. Ine ndinatengedwa kuti ndikakolope ndi kupukuta. A Mulipa ndi anyamata awo ankatsitsa mmodzimmodzi, akudandaula kuti anthu a Mtchainayu amadya chiyani kuti alemere chonchi. Gogo wa nyemba anamuika pakona, bambo wa pabenchi pafupi ndi khomo. Mayi wochapa anamuika pakati penipeni, pomwe nyale yaikulu inkalozera. A Mulipa anamasula chingwe okha, n'kukoka bulangete.

Msana unali wanga. Mizere yonse, kuyambira pamapewa mpaka m'chiuno, ndi yokhota ija pansi pa phewa lamanzere, yaitali kuposa zinzake. Adona anali atazitema tsiku lomaliza dongo lisanaume, ine nditapita kutchalitchi.

Ndinali nditagwada ndi chikolopa m'manja, ndipo ndinakhala chigwadire. Ndinaganiza zokuwa, zothamanga kukaphimba. Koma kuphimba ndiye kuloza. Ndinangopitiriza kukolopa malo amodzi, maso ali pa a Mulipa. M'mutu mwanga ndinkaona Esinati atanyamula kachikwama akukwera matola a ku Limbe.

A Mulipa anasiya kulankhula, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anazungulira, n'kuwerama kusuzumira nkhope, osaipeza. Anabwerera kumsana. Anatambasula chala n'kuchiika pa yokhota ija, n'kukhala choncho kanthawi. Kenako anavula chipewa.

"Alongo, tabwerani kuno," anatero osatembenuka.

Ndinaimirira n'kupita.

"Mukuwaona awa? Awa ndi amayi anga."

Ndinati kodi.

"Amayi anga enieni. Mmene ankaweramira pamwala kudambo kuja. Mphini zake zomwezi. Simukuwakumbukira inu?"

Amayi awo ndinkawakumbukira. Anatemedwa ndi gogo yemwe uja, n'zoona. Koma anali mayi wolimba mtima, sanadumphe. Ndinawayang'ana a Mulipa m'maso kuti ndione ngati akundiyesa. M'maso mwawo munali misozi, koma ine ndinaonapo anthu akulira pamaliro a munthu amene anamulodza okha. Ndinangoti ndi kale, a Mulipa, zambiri ndinaiwala.

Tsiku lotsegulira kunabwera azungu, Amwenye, ndi anthu akwawo kwa adona, atavala bwino, makapu a vinyo m'manja. Ine ndinkayenda ndi thireyi nditavala juzi yofika m'khosi. Ankazungulira msana wanga pang'onopang'ono, akupendeketsa mitu, ena kuwerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda. Mayi wina wachizungu anatenga chakudya pathireyi yanga maso ali padongo, osandiona n'komwe. Tsiku limenelo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha kusaonedwa.

M'mawa mwake ndinawapeza adona m'khitchini. Ndinawauza kuti ndinakana nkhope yokha chifukwa ndinkayesa kuti akudziwa kuti za mphini n'zosapempha n'komwe. Kwathu nkhope ndi ya aliyense, amaiona ndi agalu omwe. Msana ndi umene uli ndi dzina langa. Ndinawauza za Esinati, za azakhali, za mayi wa ku Jenala. Chingerezi chinandithera panjira, ndinamalizira m'Chilomwe, koma anamva. Anakhala pansi. Anati iwo ankayesa kuti akabisa nkhope ndiye andibisa. Kenako anaimirira n'kuwerama pamaso panga, kuwerama kwenikweni, mpaka ndinachita manyazi. Anafunsa ngati akamuchotse tsiku lomwelo. Ndinati ayi, a Mulipa amuona kale, mukamuchotsa adzafunsa chifukwa. Chimene ndinapempha n'chakuti dzina langa lisatuluke pakamwa pawo kwa wina aliyense, wakuda kapena woyera. Analonjeza. Ndinati paja munalonjezanso.

Masabata otsatirawo ndinaonda. A Mulipa Lamlungu lililonse ankasonkhanitsa Amalawi pasiteshoni kupita nawo kukaona amayi awo. Analowa m'nyumba yoyera ija a ku Mzimba, a ku Mangochi, alonda ndi okonza maluwa, atavala masuti a kutchalitchi. Awo sindinkawaopa, mphini zathu sazidziwa. Ndinkaopa wa ku Phalombe wa msinkhu wanga, makamaka wamkazi. Ndinkafunsa mozungulira kuti kodi lero munapita ndi ndani. Mwa mwayi akazi a zaka zanga ku Joni tinali owerengeka. Chionetsero chitatha, mayi wochapa anagulidwa ndi munthu wina wa kutsidya la nyanja, anamukhomera m'bokosi n'kupita. Ndinapuma theka. Theka linalo linali litakwera lole, chifukwa a Mulipa anali atanyamuka kale ulendo wa kumudzi.

Ndinapirira mpaka mvula yoyamba, kenako ndinatsanzika. Adona anandipatsa timakapu tija kuti ndizikalumikira. Anandiperekeza mpaka kokwerera basi, ndipo basi ikunyamuka anaweramanso, anthu onse akuona.

Phiri la Michesi ndinalipeza pomwe ndinalisiya, zina zonse zinali zitasuntha. Felesiya anali atanenepa, nyumba yake ili ndi malata ofanana kwambiri ndi amene ndinatumiza kuti afolere yanga. Sindinafunse tsiku limenelo. Esinati anali atatalika kufika paphewa panga, akumutchula Felesiya amayi, ine akundigwadira patali ngati mlendo. Koma analipo. Ndinamugwira dzanja nthawi yaitali mpaka anayamba kulikoka.

Anthu ankabwera kudzandilonjera, ine n'kumayang'ana pakamwa pa aliyense. Akaseka ndinkati akuseka ine. Ku Mvano ndinakhala kumbuyo, kudikira kuti amayi a pampando anene kuti nditsalire. Sananene.

Patangotha masiku ochepa mlongo wanga anatuma mwana kuti ndipite kwawo. Nditafika ndinapeza pamkeka pali alamu anga, ndi mmodzi wa azakhali a Esinati, wamkulu uja, atabwera ndi sopo wake monga mwa masiku onse. Ndinakhala pansi. Tinalonjerana, tinakamba za mvula, za mtengo wa feteleza. Ndiyeno mlongo wanga anakonza kukhosi n'kunena kuti pali nkhani ya ku Joni imene yamveka dera lonse, ndipo akufuna aimve kwa ine, poti akuti zinachitikira panyumba pomwe ndinkagwira ntchito.

Ndinati nenani, achimwene.

Anati a Mulipa akuuza aliyense, kumsika, kumowa, ndi kumaliro komwe, kuti ku Joni kuli Mtchaina amene anaumba malemu amayi awo. Ati iwo anangomufotokozera Mtchainayo tsiku lina ali pageti mmene amayiwo ankaonekera, iye n'kuwaumba osawaonapo, mphini ndi mphini. Ati azungu ankalipira kuti awaone, ena kumalira, ndipo pano amayiwo anakwera ndege ali ku Ulaya. Abale awo a Mulipa anagawikana, ena akuti ndi ulemu, ena akuti waika mzimu wa mayi ake pamsika.

"Ndiye inu munaliko. N'zoona zimenezi, kapena ndi Mulipa monga timamudziwira?"

Azakhali anali atasiya kusenda mtedza. Ankandiyang'ana ine, osati kumaso, koma paphewa.

"Nanga Mtchainayo mphini anazidziwa bwanji kutema kwake," anatero azakhaliwo mofatsa, "poti zinthu zotere mpaka uone?"

Ndinati amayi, anthu aja ndi ena. Munthu amene amalumika ndi galasi mungamufunse kuti wadziwa bwanji? Alamu anga anaseka, mlongo wanga nayenso. Ndinatembenukira kwa iye.

"N'zoona, achimwene. Ndinawaona ndi maso angawa. Anali amayi awo a Mulipa, osasiyanitsa."

Mlongo wanga anagwedeza mutu, wokhutira. Nkhani anali ataimva kwa anthu awiri. Anati dziko lapita patali, n'kuitanitsa tiyi. Azakhali anakamba pang'ono za sukulu za ku Limbe, mlongo wanga n'kuwauza kuti agogo ake a mwana abwera, za ulendo zatha. Anasiya sopo n'kukwera njinga ya kabaza dzuwa lisanapendeke. Pobwerera kunyumba ndinaima panjira pakati pa chinangwa cha eni ake, n'kukhala pansi. Ndinakhala pamenepo mpaka mayi wina wodutsa anandifunsa ngati ndadwala. Ndinati ayi, ndikungopuma.

Esinati anakulira pakhomo panga, sukulu anamaliza, lero ali ndi ana ake. A Mulipa lole anagulitsa, maso anayamba kuvuta, amakhala pamsika kumagulitsa makaka a chinangwa. Nkhani ya amayi awo amaikambabe, ndipo chaka chilichonse azungu olira aja amachuluka. Ndikamadutsa amandiitana kuti ndichitire umboni, ine n'kuvomera kuti zinalidi choncho. Nthawi zina akamandithokoza amandiyang'ana motalikitsa pang'ono, kukamwa kukuoneka ngati kukufuna kuseka. Mwina ndi maso awo odwalawo. Pageti paja sanalankhulepo ndi adona za amayi awo, zimenezo ndikudziwa, chifukwa nthawi zonse ndinkakhala nditaima pomwepo, ndipo tsiku limene anapangana za lole ine kulibe, mayi wadongo anali atawotchedwa kale. Ngati anadziwa tsiku lija ataika chala paja, sindinawafunse, ndipo sindidzawafunsa. Munthu ukamufunsa ndiye kuti wamuuza.